Kutuma AI: tingadziwe bwanji kuti chida chafotokozedwa momveka?

Ambiri a inu mwagwiritsapo ntchito ChatGPT, Gemini kapena Meta AI ya pa WhatsApp. Mumalemba funso, iyo n'kuyankha. Koma masiku ano mapulogalamuwa sakungoyankha ayi. Ena akutha kufufuza pa intaneti, kutsegula mafayilo, kutumiza imelo, ngakhale kukonza pulogalamu ya pakompyuta imene yavuta. Pulogalamu ya AI imene imagwira ntchito motere, kuchita ichi kenako icho mpaka ntchito itatha, akatswiri amaitcha AI agent. M'phunziro lino ine ndiziitcha mtumiki wa AI, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo, kutumidwa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwire kaye tisanapite patali. AI payokha ilibe manja. Chimene imatha ndi kulandira mawu ndi kutulutsa mawu, basi. Singadine batani, singatsegule tsamba la pa intaneti. Nanga zonse ndatchulazi imazichita bwanji? Wolemba mapulogalamu amakonza kapulogalamu kakang'ono kogwira ntchito imodzi, tinene kuti kofunsa za nyengo. Kapulogalamu kotere amakatcha chida. Akatero amalemba mawu ochepa ofotokoza chidacho: dzina lake, ntchito yake, ndi mipata imene iyenera kudzazidwa kuti chigwire ntchito, ngati mipata ya pa fomu yolembetsera mayeso. Mawu amenewa amaperekedwa kwa AI limodzi ndi funso lanu. AI ikaona kuti funsolo likufuna chida, imalemba kauthenga kakuti yendetsani chida chakuti, mpata woyamba ikanimo zakuti, wachiwiri zakuti. Kauthengaka kamakhala m'kalembedwe kotchedwa JSON, kamene kompyuta imawerenga mosavuta. Pulogalamu ina ndiyo imayendetsa chidacho n'kubweza zotsatira kwa AI, iyo n'kukuyankhani.

Onani bwino pamenepa. Mtumikiyu saona m'kati mwa chida. Sanakhalepo pamene anthu ankakambirana zochipanga, ndipo sangaimbire foni amene anachilemba. Zonse zimene akudziwa za chidacho ndi mizere iwiri, itatu kapena khumi ya malongosoledwe aja. Mizereyo ikakhala yosamveka, iye amangoganizira, ndipo AI ikamaganizira imaganizira molimba mtima, osaonetsa kuti ikukayika. Paja amati safunsa anadya phula. Mtumiki wa AI nthawi zambiri safunsa.

Nkhaniyi si yakale. Kampani ya OpenAI inatulutsa njira yotchedwa function calling mu Juni 2023, yoti olemba mapulogalamu azifotokozera AI zida zawo mmene ndalongosolera pamwambapa. Mu Novembala 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, mwachidule MCP, dongosolo lothandiza kuti chida chimene munthu mmodzi wapanga chizitha kulumikizidwa ku AI zosiyanasiyana, monga mmene chaja imodzi ya USB-C imalowera mafoni a makampani osiyana. M'chaka cha 2025 makampani ena akuluakulu, kuphatikizapo OpenAI ndi Google, anavomereza MCP. Tsopano pali zida masauzande ambiri zolembedwa ndi anthu osadziwana, ena osamala, ena olemba mothamanga. N'chifukwa chake funso lakuti kodi chida ichi chafotokozedwa momveka lasanduka ntchito yeniyeni imene anthu amakhalira pansi.

Blantyre yake iti?

Chitsanzo chimene OpenAI inaonetsa polengeza function calling chinali chida cha nyengo chotchedwa get_current_weather. Chinali ndi mipata iwiri. Woyamba unali wa malo, ndipo malangizo ake ankafuna dzina la mzinda ndi state yake, chitsanzo chake n'kukhala San Francisco ya ku California. Wachiwiri unali wa muyezo wa kutentha, ndipo unkalola mawu awiri okha, celsius kapena fahrenheit.

Mpata wachiwiriwo ndimaukonda. Mtumiki sangasochere chifukwa njira zilipo ziwiri zokha ndipo zonse zatchulidwa. Woyambawo ndi womveka kwa munthu wa ku America, kumene dziko linagawidwa m'ma state 50. Koma inuyo mutafunsa kuti kunja kuli bwanji ku Blantyre, mtumiki alembamo chiyani? Malawi ilibe ma state. Akhoza kungolemba Blantyre n'kusiya pomwepo. Pajatu Blantyre ilipo iwiri: yathuyi, ndi ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, imene yathuyi inatengera dzina. Chida chikasankha ya ku Scotland sichikuwa kuti chalakwa. Chimabweza nambala yooneka bwinobwino, mtumiki n'kukuuzani mwaulemu. Mu Okutobala mukhoza kuzindikira, chifukwa kuno dzuwa limakhala likuwotcha pamene ku Scotland kwayamba kuzizira. Koma mu Julayi, ife tili m'majuzi, iwo ali m'nyengo yawo yotentha imene sitentha kwenikweni, manambala a malo awiriwa akhoza kuyandikana ndithu. Palibe angakayikire.

Sindikunyoza chitsanzocho, chinali chongoonetsa njira. Ndachitenga chifukwa chikuonetsa mmene mawu omveka kwa wolemba amakhalira ndi bowo limene iyeyo sakuliona. Kukonza kwake sikufuna ndime yonse. Mizere iwiri ingakwane: "Lembani dzina la mzinda ndi la dziko, mwachitsanzo Blantyre, Malawi. Ngati wofunsa sanatchule dziko ndipo dzinalo likupezeka m'mayiko angapo, mufunseni kaye."

Nambala yopanda muyezo

Tiyeni tipeke chida chathu kuti tiyeserere. Malongosoledwe ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma ine ndilemba m'Chichewa kuti tione mabowo limodzi. Dzina lake likhale tumiza_ndalama. Ntchito yake yalembedwa kuti "Chimatumiza ndalama kwa munthu." Mipata yake ndi itatu: nambala, kuchuluka, tsiku. Mukawerenga mothamanga mukhoza kunena kuti zamveka, eti? Tsopano dziyikeni m'malo mwa mtumiki amene wauzidwa kuti "tumiza 5,000 kwa azakhali mkuja".

Nambala yake iti, ya foni kapena ya akaunti ya ku banki? Ngati ndi ya foni, iyambe ndi 0 kapena ndi +265? Pa kuchuluka ndiye pali zambiri. Kwacha ilipo ya Malawi ndi ya Zambia, ndipo kwacha imodzi ya Zambia ndi makwacha a Malawi makumi angapo. N'chifukwa chake mabanki sadalira dzina lokha, amagwiritsa ntchito zilembo zitatu zimene mayiko anagwirizana m'dongosolo la ISO 4217: MWK ya Malawi, ZMW ya Zambia. Ndiye pali funso lina limene mungaliseke: 5,000 ameneyu ndi makwacha kapena matambala? Tambala sitiionanso m'matumba, zoona, koma makompyuta ambiri olipirira amawerenga ndalama m'kachidutswa kake kakang'onong'ono pofuna kupewa madesimo. Kampani ya Stripe, imene imathandiza mabizinesi kulandira ndalama pa intaneti, imatero: mukalemba 5000 pa madola a ku America, mwatanthauza masenti 5000, omwe ndi madola 50. Malongosoledwe akapanda kunena zimenezi, mtumiki akhoza kutumiza ndalama zochepa kwambiri, kapena zochuluka kakhumi kuchulukitsa kakhumi.

Tsiku nalo lili ndi msampha wake. Ife tikalemba 03/04/2025 timatanthauza 3 Epulo. Wa ku America akuwerenga 4 Malichi. Njira yopewera ilipo kale, ISO 8601, imene imayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: 2025-04-03. Malongosoledwe abwino amanena kuti lembani motere, n'kupereka chitsanzo. Komanso kuti mtumiki asandutse mawu akuti mkuja kukhala deti, ayenera kudziwa kuti lero ndi liti kumene wofunsayo ali. Nthawi ya ku Malawi ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ndiye 1 koloko ya usiku kuno kompyuta yoyendera UTC ikadali pa dzulo.

Amene mukuphunzira Physics mukudziwa mmene aphunzitsi amakuchotserani malikisi mukalemba yankho lopanda muyezo. Sachita nkhanza. Mu Disembala 1998 bungwe la NASA linatumiza chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter. Pa 23 Seputembala 1999 chinafika ku Mars n'kusowa. Atafufuza anapeza kuti pulogalamu ya kampani ya Lockheed Martin, imene inkawerengetsa kukankha kwa tiinjini towongolera chombocho, inkatulutsa manambala mu pound-force second, pamene pulogalamu yolandira ku NASA inkawatenga ngati newton second. Pound-force imodzi ndi pafupifupi ma newton 4.45. Chombo chimene chinayenera kudutsa pamtunda wa makilomita 226 kuchokera pansi pa Mars chinatsika kufika pafupifupi makilomita 57, ndipo sichinamvekenso.

Munalibe AI m'nkhaniyo, koma muli chinthu chimene ndikufuna muchione. Chikalata chofotokoza mmene mapulogalamu awiriwo azilumikizirana chinali chitanena kale kuti manambala akhale mu newton second. Mawu anali omveka. Pulogalamu ndiyo inkachita zosiyana ndi zimene zinalembedwa. Choncho poyeza malongosoledwe a chida, kumveka kokha sikukwanira. Muyeneranso kuyendetsa chidacho n'kuona ngati chikuchita zimene mawuwo akunena. Zida zimasinthidwa kawirikawiri, ndipo wosintha akaiwala kukonza mawu, mtumiki amatsatira mokhulupirika malangizo a chida chimene kulibenso.

Chida chiti, ndipo liti?

Mipata ndi mbali imodzi chabe. Mtumiki asanadzaze kanthu amayenera asankhe chida, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi zida zambiri patsogolo pake. Tiyerekeze kuti laibulale ya sukulu ili ndi zida ziwiri, funa_buku ndi peza_buku. Chimodzi chimafufuza ndi mutu wa buku, china ndi nambala ya pa shelefu. Mayina okhawo sakusiyanitsa kanthu. Inuyo mungasankhe chiti? Malongosoledwe abwino amanena ntchito ya chida, komanso amanena pamene chidacho sichiyenera kugwiritsidwa ntchito, n'kuloza chinzake: ngati muli ndi nambala ya pa shelefu, musagwiritse ichi, gwiritsani chakuti. Mwa zonse zimene olemba amaiwala, ine ndimaona kuti mzere umenewu ndi umene umasowa kwambiri, chifukwa munthu akapanga chida amaganizira za chida chakecho, osati za zinzake zimene chidzakhale nazo limodzi.

Kenako pali funso lakuti chida chikayenda, chimasintha chiyani. Kuona ndalama zimene zatsala mu akaunti sikuwononga kanthu ngakhale mutaona kakhumi. Kutumiza ndalama kakhumi ndi nkhani ina. Mtumiki akapanda kulandira yankho mwamsanga amatha kuyesanso, ndipo ngati sanauzidwe kuti kuyesa kulikonse kumatumiza ndalama zatsopano, azakhali alandira kawiri. Dongosolo la MCP lili ndi tizizindikiro tothandiza pa zimenezi, monga readOnlyHint kosonyeza kuti chida chimangowerenga, ndi destructiveHint kosonyeza kuti chikhoza kufufuta kapena kuwononga zinthu. Koma tizizindikiroti amaika ndi wopanga chida yemweyo, ndiye ndi mawu ake basi, si umboni.

Zimene chida chimanena chikalephera nazo ndi gawo la malongosoledwe, ngakhale zimabwera pambuyo. Chida chikangoti "Error 400", mtumiki alibe pogwira. Chikati "deti lilembedwe motere, 2025-04-03, inu mwalemba 03/04/2025", amakonza nthawi yomweyo.

Kuyeza kwenikweni

Mpaka pano takhala tikuyeza ndi maso, kuwerenga n'kufunsa mafunso. Ndi poyambira pabwino, koma wolemba sangadziyeze yekha mwanjira imeneyi. Akamawerenga mawu ake, mutu wake umatseka mabowo onse iye osadziwa. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tengani malongosoledwewo, apatseni munthu amene sanaonepo chidacho, mum'patse zopempha zisanu, iye adzaze mipata. Musamuthandize, ngakhale ndi nkhope. Paliponse pamene waima n'kufunsa kuti apa mukutanthauza chiyani, ikani chizindikiro. Pamenepo pali bowo. Ndipo paliponse pamene sanafunse koma wadzaza zosiyana ndi zimene mumayembekeza, pali bowo loopsa kuposa loyambalo.

Komabe munthu si AI. Mnzanu wa ku Ndirande sangaganize za Scotland mukatchula Blantyre. Ndiye mayeso otsiriza ayenera kuchitika ndi AI yeniyeniyo, ndipo amachitika ngati experiment ya mu labu. Mumayamba ndi kulemba zopempha zambiri, tinene 30, zonga zimene anthu enieni angalembe: zina zomveka, zina zachidule, zina zosakaniza Chichewa ndi Chingerezi monga timalembera pa WhatsApp, zina zosowa mfundo yofunika. Pa chopempha chilichonse mumalemberatu yankho loyenera, kuti chida choyenera ndi chakuti ndipo mipata idzazidwe motere. Mukatero mumapereka zopemphazo kwa AI limodzi ndi malongosoledwe, n'kuwerenga kuti yasankha chida choyenera kangati, ndipo yadzaza mipata molondola kangati.

M'gulu la zopemphazo musaiwale kuikamo zimene sizikufuna chida chilichonse, kapena zimene palibe chida chingazikwanitse. Ofufuza a pa University of California, Berkeley, amene anayambitsa Berkeley Function Calling Leaderboard mu 2024, anaikamo mafunso a mtundu umenewu mwadala, pofuna kuona ngati AI ingadziletse m'malo mokakamiza chida chosayenera. Iwo cholinga chawo ndi kuyerekeza AI zosiyanasiyana pa zida zomwezo. Ife tikungotembenuza: AI ikhale yomweyo, zopempha zikhale zomwezo, chosintha chikhale malongosoledwe okha.

Lamulo la mu labu lija likugwiranso ntchito pano: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha dzina la chida, n'kuwonjezera chitsanzo, n'kukonzanso mpata wa deti nthawi imodzi, malikisi akakwera simudziwa chimene chathandiza. Komanso bwerezani. AI siyankha mofanana nthawi zonse, funso lomwelo ikhoza kulikhoza lero n'kuliphonya ikafunsidwanso. Malongosoledwe akale akapeza 24 pa 30 ndipo atsopano 25 pa 30, musathamangire kusangalala. Kusiyana kotere kukhoza kungokhala mwayi. Yesani kangapo muone ngati kusiyanako kukukhalabe.

Pali msampha wina umene inu a Fomu 4 mukuudziwa bwino. Munthu akaloweza mayankho a mapepala a mayeso akale amakhoza mapepala omwewo, koma MANEB ikatembenuza funso amasowa cholemba. Malongosoledwe nawo amatha kuloweza. Mukamawakonza mobwerezabwereza mukuyang'ana zopempha 30 zomwe zija, mapeto ake amakhala oyenerera zopemphazo basi. Ndiye patulani zina, khumi kapena kuposerapo, muzibise, musaziyang'ane pokonza. Zitulutseni pamapeto. Malikisi a pa zobisikazo ndiwo oona.

Ndipo musangoyang'ana malikisi. Werengani zimene AI yalakwitsa chimodzichimodzi. Ngati yaphonya kasanu ndipo kanayi ndi pa mpata wa deti, mwadziwa poti mukonze. Nambala yokha siingakuuzeni zimenezo.

Ena amayeza mwachidule. Amalemba mndandanda wa zofunika, monga ntchito yatchulidwa, mipata yafotokozedwa, chitsanzo chilipo, kenako amapempha AI ina kuti ipereke malikisi pa 10. Njirayi ndi yothandiza mukafuna kusefa zida masauzande mwamsanga, ndipo imagwira zoonekeratu, monga mpata wopanda mawu aliwonse. Koma ine sindiikhulupirira payokha. Mawu ataliatali osalala amatha kupeza malikisi apamwamba chikhalirecho sakunena ngati ndalama zili m'makwacha kapena m'matambala. Ndipo kutalika kuli ndi mtengo wake. AI ili ndi malire a kuchuluka kwa mawu amene ingawerenge nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri malongosoledwe a zida zonse zimene yapatsidwa amalowa m'malo omwewo. Zida 100, chilichonse mawu 200, ndiye kuti mawu 20,000 adutsa funso lanu lisanawerengedwe. Mzere uliwonse uyenera kutseka bowo linalake. Ngati sukutseka kanthu, uchoke.

Pamene mawu sangathandize

Nthawi zina mukonza mawu kangapo koma AI n'kumalakwitsabe pamalo omwewo. Zikatero vuto likhoza kukhala chida chenichenicho. Mu Disembala 2024 akatswiri a ku Anthropic analemba zimene anaphunzira popanga mtumiki woti ayesedwe pa SWE-bench, mayeso amene ofufuza a ku Princeton anakonza mu 2023 kuchokera ku mavuto enieni a mapulogalamu a pa GitHub. Ananena kuti nthawi yambiri anaithera pokonza zida kuposa pokonza malangizo aakulu opita kwa AI. Chitsanzo chawo chinali cha malo a fayilo. Pali njira ziwiri zolozera fayilo pa kompyuta. Ina imadalira pamene mwaima, ngati kunena kuti nyumba yachitatu kumanja. Ina imatchula njira yonse kuyambira pachiyambi, ngati kutchula boma, mfumu yaikulu, mudzi, mpaka nyumba. Mtumiki wawo ankati akasamukira mu foda ina, ankapitiriza kuloza ngati akadali pamalo akale, n'kumaphonya. Iwo anasintha chidacho kuti chizifuna njira yonse nthawi zonse, ndipo kulakwitsako kunatha.

Maganizo amenewa ali ndi dzina la Chijapani, poka-yoke, lochokera kwa injiniya Shigeo Shingo amene ankagwira ntchito ndi mafakitale a Toyota. Tanthauzo lake ndi kupanga chinthu mwanjira yoti kulakwitsa kukhale kovuta. Simukhadi yanu ili ndi ngodya imodzi yodulidwa kuti musailowetse chozondoka. Palibe amawerenga malangizo olowetsera simukhadi, ngodyayo ndiyo malangizo. Mpata uja wolola celsius kapena fahrenheit okha ndi poka-yoke. Pa chida chathu chotumizira ndalama, mpata wa mtundu wa ndalama wolola MWK kapena ZMW zokha uposa ndime yonse yochenjeza za kwacha.

Mawu omveka kwa AI, obisika kwa inu

Chinthu china chofunika kuyang'ana sichikhudza kusamveka, koma kumveka kolakwika. AI imakhulupirira malongosoledwe a chida, imawatenga ngati malangizo. Mu Epulo 2025 ofufuza a kampani ya Invariant Labs ya ku Switzerland anaonetsa mmene zimenezi zingagwiritsidwire ntchito poba. Anapanga chida chooneka chosalakwa, chophatikiza manambala awiri. M'malongosoledwe ake anabisamo malangizo ouza AI kuti isanaphatikize iwerenge mafayilo achinsinsi a pa kompyuta ya munthuyo, iwatumize kudzera mu mpata wina wa chidacho, ndipo isamuuze mwiniwake. Munthu pa sikirini ankangoona dzina la chida ndi mawu achidule, pamene AI inkawerenga zonse. Njira imeneyi anaitcha tool poisoning, kuthira chiphe m'chida.

Ndiye mukamayeza malongosoledwe, awerengeni onse monga AI ikuwalandirira, osati chidule cha pa sikirini. Dzifunseni ngati mzere uliwonse ukukhudza ntchito ya chidacho. Chida chophatikiza manambala chilibe chifukwa chotchulira mafayilo anu. Ndipo mzere uliwonse wouza AI kuti ibise kanthu kwa munthu amene ikumutumikira ndi wokwanira kuti chidacho muchikane.

Yesani m'kalasi

Simufunika kompyuta kapena bando. Khalani awiriawiri. Mmodzi alembe pa pepala malongosoledwe a chida chotchedwa sungitsa_buku, chosungitsira buku mu laibulale ya sukulu: ntchito yake, mipata yake, ndi zimene chimabweza. Asapitirire mawu 80. Pa pepala lina, lobisa, alembe mmene mipata iyenera kudzazidwira pa zopempha zisanu izi: "Ndisungireni buku la Biology la Fomu 3 mawa", "Ndikufuna buku lija tinagwiritsa ntchito sabata yatha", "Sungitsirani ine ndi mnzanga mabuku awiri a Maths", "Ndisungireni dikishonale pa 05/06", "Ndabweza buku, ndichotseni pa mndandanda wa angongole."

Winayo akhale mtumiki. Aloledwe kuchita chimodzi mwa zitatu zokha: kudzaza mipata, kufunsa wopempha funso limodzi, kapena kunena kuti chidachi si cha ntchito imeneyi. Asagwiritse ntchito zimene akudziwa za sukulu yanu, adalire pepala lokha. Mukamaliza fananizani ndi pepala lobisa lija.

Chopempha chachiwiri chikufuna funso, chifukwa buku silinatchulidwe. Chachitatu chionetsa ngati munanena kuti chida chimasungitsa buku limodzi pa nthawi imodzi kapena angapo, komanso ngati munthu angasungitsire mnzake. Chachinayi ndi cha deti lija. Chachisanu si ntchito ya chidachi n'komwe, ndipo mnzanu akadzaza mipata m'malo mokana, ndiye kuti simunalembe pamene chidacho sichiyenera kugwiritsidwa ntchito. Konzani mzere umodzi, kenako muyesenso ndi munthu wa pa desiki ina, osati yemwe uja, chifukwa iye wayamba kale kudziwa zimene zili m'mutu mwanu.